Kodi Andrew Ridgeley ankangodya thukuta la George Michael?

Bambo wina wanditumizira imelo atangomaliza kuonera Wham!, filimu imene Netflix idatulutsa mu Julaye 2023, yonena za gulu loimba la dzina lomweli la George Michael ndi mnzake Andrew Ridgeley. Akufunsa kuti popeza George Michael ndi amene ankapeka nyimbo, kuziimba ndi kuzikonza mu situdiyo, nanga mnzakeyo ankatani? Si kudya thukuta la wina kumeneku?

Bambo, simuli nokha. Manyuzipepala a ku England adamunyoza Andrew zaka zambiri pa nkhani yomweyi. Koma ine sindigwirizana nawo, ndipo umboni wanga uli mufilimu mwaonerayo.

Kumbukirani mmene idayambira. Mu 1975, pasukulu ya Bushey Meads kufupi ndi London, padafika mnyamata wamanyazi wovala magalasi, Georgios Panayiotou, mwana wa Mgiriki wochokera ku Cyprus, amene adadzatchuka ndi dzina loti George Michael. Mphunzitsi atafunsa woti azimuyang'anira mlendoyo, Andrew ndiye adakweza dzanja. Ndiyenso adamupatsa dzina loti Yog. Bambo ake a George sankafuna n'kumva komwe zoimba, ndipo George mwiniwake sankadzikhulupirira. Amene ankamukoka kuti ayambe bandi anali Andrew. Kavalidwe, kudzidalira, kuima pamaso pa anthu osanjenjemera, zonsezo George ankaonera kwa mnzakeyo, ndipo mufilimumo akuvomera yekha. Ngakhale Careless Whisper adapeka awiri asanakwanitse zaka 20. Ndalama zimene Andrew amalandira pa nyimbo imeneyo ndi zake ndithu.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri chidadza pambuyo pa chimbale chawo choyamba cha 1983. Zidaonekeratu kuti luso la George lakula kuposa la mnzake, ndipo adagwirizana kuti kupeka nyimbo kukhale kwa George yekha. Taganizani, bandi mwaiyambitsa ndinu, muli ndi zaka 20, atsikana akukuwa dzina lanu, kenako muuzidwe kuti nyimbo zanu zisalowenso. Ambiri akadakwiya, mwina mpaka kukhoti. Andrew sabisa kuti chidali chinthu chovuta kuchisiya, koma adalola, n'kupitiriza kuima pambali pa mnzake ndi gitala. Magulu angati amene mudawaona akupasuka chifukwa cha nsanje ngati imeneyi?

Palinso za ku Ibiza, chilumba cha ku Spain. Kumeneko George ali ndi zaka 19 adaululira Andrew kuti amakopeka ndi amuna anzake. Ubwenzi wawo sudasinthe, ndipo Andrew adasunga chinsinsicho. Dziko lidadzamva mu 1998.

Wokonza filimuyi, Chris Smith, sadakhazike aliyense pampando kuti azifotokoza. Timangomva mawu a awiriwa pamwamba pa zithunzi zakale. A George ndi ojambulidwa kale, popeza adamwalira pa 25 Disembala 2016. Nkhani yonse ikuyenda ndi mabuku amene mayi ake a Andrew ankamatamo chilichonse chodulidwa m'nyuzipepala chokhudza anyamatawa, buku lililonse ndi nambala yake. Kamera ikamatsegula masambawo mumaona mapepala ofiirira ndi ukalamba, omatidwa mosamala ndi dzanja la mayi wonyadira ana.

Pamene mungandigwire, bambo, ndi apa: filimuyi ndi yachifundo kwambiri kwa Andrew. Iye ndi amene ali moyo, ndipo akufotokoza patapita zaka pafupifupi 40. Za mowa ndi maphwando zimene Andrew ankatchuka nazo angozikhudza pang'ono. Ulendo wa ku China wa mu Epulo 1985, pamene Wham! idakhala gulu loyamba la nyimbo za pop la kumayiko a azungu kukaimba kumeneko, nawonso audutsa mothamanga kuposa mmene ndikadafunira.

Adasiyana pa 28 Juni 1986 pa Wembley Stadium, pamaso pa anthu 72,000, onse awiri ali ndi zaka 23. Panalibe kutukwanizana kapena milandu. Andrew ankadziwa kuti mnzake akupita patali payekha, ndipo adamutsegulira njira. Ngati mungaionerenso, mvetserani bwino mmene George akutchulira dzina la Andrew, osati zimene atolankhani ankalemba.