Kwa mayi a komiti amene mwafunsa za mphunzitsi wotuma atsikana kunyumba kwake

Mayi, funso lanu ndaliwerenga. Mukuti mwangolowa kumene mu komiti ya sukulu ya kwanuko, ndiye pali mphunzitsi wina wa Sitandade 7 amene amatuma atsikana kunyumba kwake kukatunga madzi, kukolopa, kutsuka mbale anzawo ali m'kalasi, masana akuchititsanso patitaimu yolipitsa, ndipo mukufuna kudziwa ngati n'zololedwa komanso mukanene kwa ndani osadana ndi anthu. Ine choko ndachigwira zaka zambiri ndithu, uhedi ndinaulawakonso, ndiye ndinenepo zanga ena awonjezera.

Sizololedwa mayi. Zonse ziwirizo. Ndaona ena pansipa akuti aaa ife tinakula choncho, tinkatema nkhuni za aphunzitsi, tinkapalira chimanga cha ahedi koma tinakhoza bwinobwino. Zoona zinkachitika, koma inu amene munakhozanu ndi amene muli ndi foni lero mukulemba pano, atsikana amene anathera pa khomo la aphunzitsi aja sali pa gulu lino kuti anene mbali yawo.

Nkhani ya kunyumbayi ndi imene ndikufuna muigwire ndi manja awiri, ya patitaimu ibwera pambuyo. Mwana wa zaka 13 kapena 14 sangakane zimene wanena munthu amene amachonga mayeso ake, amene akhoza kumukwapula mawa, amene makolo ake akakumana naye pa msewu amavula chipewa. Akamuuza kuti pita ukandikolopere amapita. Akamuuza kuti lowa kuchipinda ukatenge ndowa amalowa. Ndipo sizimayamba ndi zazikulu ayi, zimayamba ndi madzi omwewo, kenako kasopo, kenako ya mandasi, kenako iwe ndiwe wanzeru usadandaule za mayeso, kenako anzake aja sakutumidwanso akutumidwa ndi iye yekha. Mukaona kuti amene akutumidwa ndi mmodzimodzi yemweyo tsiku ndi tsiku, ndipo anyamata oti angasenze ndowa ziwiri sakuwaona, pamenepo musadikirenso umboni wina kuti muyambe kufunsa mafunso.

Sindikunena kuti bamboyo walakwira mwana, sindikumudziwa, mwina ndi ulesi chabe. Koma ngakhale akhale woyera mtima bwanji, mwana wachoka m'kalasi nthawi ya masamu kukagwira ganyu yaulere, kulakwa koyamba n'komweko. Ndipo akudziika yekha pamoto, tsiku lina mtsikanayo akadzapezeka ndi pathupi pa mnyamata wa kabaza, mudzi wonse udzaloza nyumba ya aphunzitsi ndipo palibe adzamuikire kumbuyo. Ine aphunzitsi anga makamaka achinyamata ongochoka ku koleji ya aphunzitsi (TTC) ndinkawauza tsiku loyamba lomwe kuti mwana wa sukulu asaponde pakhomo pako, ukafuna kulankhula ndi mtsikana lankhula naye pakhonde anthu akuona kapena itana amadamu akhalepo, chitseko cha kalasi chikhale chotsegula, ndipo nambala ya mwana isapezeke mu foni yako, ukafuna kunena za mwana imbira kholo. Masiku ano ndi WhatsApp yi zafika poipa, mphunzitsi kumatumizira mwana wa Sitandade 8 uthenga 10 koloko usiku ati ndimamukumbutsa homuweki. Homuweki yake iti?

Palibenso mphunzitsi anganene kuti sanauzidwe. Kale mwina, paja mu 1994 pamene a Bakili Muluzi anabweretsa pulayimale yaulere ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni nthawi imodzi, boma linatola anthu masauzande osapita ku koleji n'kuwaponya m'makalasi, maphunziro a uphunzitsi otchedwa MIITEP anachita kuwapeza ali kale pantchito. Koma a lerowa adutsa maphunziro a uphunzitsi a IPTE zaka ziwiri, kaya ku Kasungu, Machinga, Karonga kapena ku St Joseph's ku Dedza, za khalidwe la mphunzitsi anaphunzira ndipo analemba mayeso ake.

Tsopano mvetsetsani apa. Ngati amayi a Mother Group, gulu la amayi loyang'anira atsikana pa sukulu, akacheza ndi atsikanawo paokha n'kupeza kuti wina anagwiridwa mabere, anauzidwa zachibwenzi kapena zinafika pogonana, imeneyo si nkhani ya komiti ayi, si ya amfumu, si yokambirana pansi pa mtengo wa mango n'kulipitsana mbuzi. Ndi ya polisi, ku Victim Support Unit, ndi kuchipatala msangamsanga chifukwa mankhwala oteteza ku HIV aja amagwira ntchito akayambidwa maola 72 asanathe. Mukhozanso kuimba 116, ndi yaulere. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndiye mawu oti anagwirizana okha kapena oti amukwatira asakutsekeni pakamwa. Chimene chimandiwawa ine n'choti nkhani zotere zambiri zimathera pa transifa, munthu wangopatsidwa kalata wapita zoni ina, kumene kuli ngati kuchotsa fisi pa khola lako n'kukamutula pa khola la mnzako. Makolo mukavomera zokambirana ndiye mwamuthandiza kunyamula katundu. Ndipo mwana akapezeka ndi pathupi sukulu sinathere pomwepo, ndondomeko yoti abwerere akabereka ilipo kuchokera mu 1993, komiti ndi Mother Group ndi amene mumayenera kukamutenga.

Za patitaimu. Kuthandiza ana otsalira masana kapena m'mamawa makamaka a Sitandade 8 akamayandikira mayeso a MANEB si kulakwa, aphunzitsi ambiri amachita mwaulere ndipo sitiwathokoza mokwanira. Cholakwika n'kulipitsa ana a kalasi yako yomwe m'kalasi ya boma. Chifukwa chimachitika n'chiyani, m'mawa amangolemba manotsi pa bolodi n'kukakhala panja pa foni, zenizeni zija amasungira a masana amene alipira, mayeso a teremu akubwera kuchokera ku za masana zomwezo, ndiye mwana wa mayi wogulitsa tomato walephera osati chifukwa ndi mbuli koma analibe ya patitaimu. Tatengani makope awiri, la mwana wolipira ndi la wosalipira, muwayike pamodzi muone nokha.

Zinazi mukuzidziwa kale. Kubwera kuntchito akununkha kachasu, kusaina taimu buku 7 koloko n'kusowa 9 koloko, kulowa m'kalasi opanda sikimu kapena lesoni pulani, kugulitsa zitumbuwa pa desiki mwana wosagula n'kumamuyang'ana ndi diso loipa, kukwapula, zilango zija zokumbitsa dzenje la chimbudzi kapena kuzulitsa chitsa tsiku lonse anzake akuphunzira, unduna zimenezi suloleza. China chimene anthu sachitchula ndi pakamwa. Kholo labwera mwaulemu kudzanena kuti mwana wanga amamwa ma ARV ndiye tsiku lakuti azikhala kuchipatala, pofika pa buleki sitafu rumu yonse yadziwa, mawa ana akumuimba nyimbo. Mwana ameneyo sabweranso. Ndipo izi sizikhudza aphunzitsi okha, mlonda, amayi ophika phala, ngakhale inu a komiti amene mumasainira ndalama za SIG zimene boma limapereka zotukulira sukulu, nonse muli pa muyeso womwewo. Ndalama iliyonse ya sukulu ikhale ndi lisiti, ndipo mwana asabwezedwe kunyumba chifukwa kholo silinapereke.

Ndisaiwale mbali ya aphunzitsi, chifukwa pa gulu lino tikayamba kuwatukwana sitimaliza. Boma limati mphunzitsi mmodzi ana 60, koma pitani ku Sitandade 1 kumudzi mukapeza ana oposa 100 atakhala pansi mayi mmodzi akulimbana nawo mpaka mawu kutha. Munthu amakhala pa giredi yoyambira ya PT4 zaka zambirimbiri osakwezedwa, nyumba yodontha, malipiro akafika theka lapita kale ku ngongole. Ambiri mwa iwo ndi anthu abwino kwambiri. Koma kuchepa kwa malipiro akadandaule kudzera ku bungwe la aphunzitsi la TUM ndi kwa owalemba ntchito, asalipiritse mwana wa eni.

Ndiye chochita. Musapite nokha kukamukalipira pa bwalo ana akuona, ndipo chonde dzina lake kapena la sukulu musaliike pano, mawa ndinu amene mudzayankhe mlandu woipitsa mbiri, komanso atsikana aja mudzawayalutsa. Lembani mu kope tsiku, nthawi, ndi ana angati anatumidwa, kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Uzani apampando a komiti ndi a PTA mupite kwa ahedi limodzi, zimene mwakambirana zilembedwe mu maminitsi ndipo ahedi asaine. Musapite ngati mukukasuma munthu mmodzi, pemphani kuti likhale lamulo la sukulu yonse loti mwana satumidwa kunyumba kwa mphunzitsi aliyense, ahedi omwe, lilengezedwe pa asembule ana amve ndi makutu awo kuti ali ndi ufulu wokana. Mukatero mwachotsa zoti mayi uja amadana nane. Ahedi akamazengereza, paja nthawi zina nawonso amatuma, pitani kwa a PEA, mlangizi wa sukulu za pulayimale, ku ofesi yawo ya TDC ya zoni yanu ndi kalata, ikakanika pamenepo ku ofesi ya mkulu wa maphunziro ku boma. Komiti ilibe mphamvu yochotsa mphunzitsi ntchito kapena kumutsekera nyumba monga ena amachitira, zolanga zimadutsa ku maofesi amenewo mpaka ku Teaching Service Commission, ndipo naye ali ndi ufulu womvedwa mbali yake. N'chifukwa chake kope lija ndi lofunika, a PEA mukangowauza kuti anthu akunena amakufunsani kuti anthu ake ati, liti.

Mphunzitsiyo akakuuzani kuti nanga madzi azitunga ndani poti akazi anga ali kumudzi, muwayankhe mwaulemu kuti aphunzitsi mjigo uli pomwepa, ndipo m'mudzi muno anthu ofuna ganyu ndi ambiri, komiti ikhoza kuwapezera mayi wachikulire mawa lomwe azimulipira pa mwezi.