Achimwene anu akukhala m'dera lolemera kwambiri ku America, nanga amaliriranji ndalama?

Kalata iyi yafika Lachiwiri usiku kuchokera kwa mayi wina wa ku Zomba. Ndaifupikitsa pang'ono, ndipo dzina ndachotsa monga anapemphera eniake.

"Achimwene anga anapita ku America zaka zisanu zapitazo. Amakhala ku Ashburn, ku Virginia, ndipo amagwira ntchito yosamalira okalamba. Sabata yatha ndinaona pa Facebook mndandanda wa madera olemera kwambiri ku America, ndipo boma la Loudoun, komwe kuli Ashburnko, lili pa nambala wani. Akuti khomo lililonse limapeza madola oposa 170,000 pachaka. Nditawerengera m'makwacha mutu unandizungulira. Koma tikawapempha fizi ya ana a malemu achemwali athu, yankho ndi lomwelo: zinthu zathina, dikirani kumapeto kwa mwezi. Kodi akutinamiza?"

Achemwali, zikomo polemba. Za mumtima mwa achimwene anu sindingaikire umboni, koma za mndandandawu ndingakuuzeni, chifukwa ndi mapepala omwe ndakhala ndikuwawerenga kwa zaka zingapo. Nambala mwaionayo si yopeka ayi. Imachokera ku bungwe la kalembera la boma la America, Census Bureau, lomwe chaka chilichonse limafunsa makomo pafupifupi 3.5 miliyoni pa kafukufuku wotchedwa American Community Survey. Loudoun yakhala pamwamba kwa zaka zambiri ndithu. Dziko lonse la America, khomo lapakatikati linkapeza madola 80,610 m'chaka cha 2023, kutanthauza kuti Loudoun imaposa kawiri. Pamenepo palibe bodza.

Vuto lili pa mawu akuti "khomo lililonse". Amene analemba pa Facebook uja ndiye anasokoneza. Nambala ija ndi ya khomo la pakati. Ndandalikani makomo onse a m'bomalo pamzere, kuyambira losauka mpaka lolemera, kenako lozani lomwe laima pakatikati penipeni: ndalama zake ndizo 170,000 zija. Theka la makomo ali m'munsi mwake, ndipo ena ali m'munsi kwambiri, kumchira kwenikweni.

Ndiye palinso kuwerengera kwina komwe manyuzipepala amakonda, kophatikiza ndalama zonse n'kugawa mofanana. Tiyerekeze pamudzi panu pali makomo khumi. Asanu ndi anayi amapeza K200,000 pamwezi, limodzi ndi la mwini mathiraki amene amapeza K20 miliyoni. Mukaphatikiza n'kugawa, khomo lililonse likuoneka ngati likupeza K2.18 miliyoni. Kauzeni mayi wogulitsa zitumbuwa pamudzipo kuti pepala likuti iye amapeza mamiliyoni awiri, muone ngati sakuthirani mafuta a moto. Bloomberg inkagwiritsa ntchito njira imeneyi pa mndandanda wake wa matauni olemera, ndipo kwa zaka zingapo zotsatizana pamwamba pankakhala Atherton ya ku California, kamzinda ka anthu pafupifupi 7,000 pafupi ndi makampani a makompyuta a ku Silicon Valley. Pa mndandanda wa 2020 inapitirira madola 500,000 pa khomo. Mabiliyoneya ochepa okha amakoka nambala ya kamzinda kotere mpaka kumwamba.

Tsopano mawu akuti "khomo". Kwa a kalembera, khomo ndi anthu onse ogona m'nyumba imodzi, kaya ndi apachibale kaya ayi, ndipo ndalama zawo zimaphatikizidwa msonkho usanachotsedwe. Ku Loudoun makomo ambiri ndi a bambo ndi mayi onse apantchito, onse ophunzira, wina injiniya wa makompyuta, wina ku kampani yogwira makontirakiti a boma la ku Washington, komwe ndi ulendo wosakwana ola msewu ukakhala wopanda mdipiti. Bwalo la ndege la Dulles lili pomwepo. Ku Ashburn kuli zinyumba zikuluzikulu zopanda mawindo, zodzaza makompyuta osunga zinthu za pa intaneti, zochuluka mwina kuposa kwina kulikonse padziko. N'chifukwa chake dera lomwe mu 1990 linali ndi anthu osakwana 90,000, mbali yaikulu ya deralo ili minda ndi makola a akavalo, pofika 2020 linali ndi anthu oposa 420,000. Malipiro awiri akuluakulu akakumana pa denga limodzi, 170,000 imakwana mosavuta.

Achimwene anu ali pati pamenepa? Tinene kuti amalandira madola 18 pa ola, nambala yongoyerekeza koma yosatalikira malipiro a ntchito yoteroyo. Maola 40 pa sabata, chaka chonse osapuma, ndi madola 37,440 msonkho usanadulidwe. Ndalama zambiri ku Zomba, eya. Ku Ashburn ndi munthu wa kumchira kwa mzere uja, ndipo akugula mkate ndi kulipira lendi pa mitengo yomwe inakwezedwa ndi matumba a mainjiniya aja.

Ndinakachezapo kwa mnzanga wina wa kumudzi amene amakhala dera lomwelo. Pa chithunzi chomwe anatumiza kwawo anaima kutsogolo kwa chinyumba cha zitseko ziwiri za galaja, kapinga wometa bwino, galimoto yonyezimira kumbuyo kwake. Nditafika sanandilowetse pa khomo la kumaso. Tinazungulira kuseri, kutsika masitepe a simenti, n'kulowa m'chipinda cha pansi pa nthaka chomwe kumeneko amati basement. Kawindo kamodzi kokha, m'mwamba pafupi ndi denga, ndipo ukasuzumira umangoona matayala a galimoto ya eninyumba. Pakona panali kafiriji, kachitofu ka mbale imodzi ndi thumba la ufa woyera wa chimanga wogula ku shopu ya anthu a ku Central America. Yunifolomu ya kuntchito inali pa mpando, ikudikira shifiti ya usiku. Anandiphikira nsima ndi nkhuku, tikudya kumutu kwathu kukumveka mapazi a ana a eninyumba akuthamangitsana. Ngati a kalembera anamuwerengera pamodzi ndi apamwambawo, ndiye kuti timalipiro take tinathandizanso kukweza nambala ya khomolo. Pa pepala mnzangayo ndi wa khomo lolemera.

Si zachilendo kwa ife izi. Amene amasamalira maluwa ku Area 10 kapena ku Namiwawa n'kumagona ku boizikota, adiresi yake ndi ya kumayadi, koma palibe amene angamuitane kuti bwana.

Pali chinanso chomwe mindandanda iyi siiona n'komwe, ndipo kwa ine ndicho chachikulu. Imawerenga zolowa, siwerenga za m'nkhokwe. Munthu akhoza kumalandira zambiri mwezi ndi mwezi koma zonse n'kumathera ngongole ya nyumba, ya galimoto, ya sukulu yomwe anaphunzira, inshuwalansi ya chipatala ndi kolipira wolera ana. Wina wopuma pantchito amalandira zochepa, koma nyumba anamaliza kulipira kalekale ndipo ali ndi masheya m'makampani. Pa mndandanda wa zolowa woyambayo ndiye wolemera. Ntchito itatha lero, m'miyezi itatu mudzadziwa mwini nkhokwe ndani. Ngakhale nthawi yomwe munthu anagula nyumba imasiyanitsa anthu oyandikana mpanda: wotenga ngongole mu 2021 anapeza chiwongoladzanja cha pafupifupi 3 peresenti, wobwera kumapeto kwa 2023 anapeza chitapitirira 7.

Za m'nkhokwezo amawerenga ndi a Federal Reserve, banki yaikulu ya dzikolo, pakatha zaka zitatu zilizonse. Mu 2022 anapeza kuti banja lapakatikati, mukachotsa ngongole zonse, linali ndi chuma cha madola pafupifupi 193,000. Mukagawa mwa mitundu ndiye nkhani imawawa: banja lapakatikati la azungu linali ndi pafupifupi 285,000, la anthu akuda pafupifupi 45,000. Kusiyana kumeneku n'kokulirapo kuposa kusiyana kwa malipiro, ndipo limodzi mwa magwero ake aakulu ndi nyumba. Kuyambira m'ma 1930 boma linkathandiza mabanja kupeza ngongole zogulira nyumba m'madera atsopano a kunja kwa mizinda, koma madera a anthu akuda ankawadumpha. Ku Levittown, pafupi ndi New York, komwe anayamba kumanga mu 1947, munthu wakuda sankaloledwa kugula. Lamulo loletsa tsankho pa nyumba linadza mu 1968, anzawo atadya kale zaka makumi awiri ndi kuposerapo nyumba zawo zikukwera mtengo. Nyumba zimenezo ndizo zinaphunzitsa ana ndi kusiyira adzukulu poyambira. Munthu wotsika ndege ku Dulles ndi sutikesi ziwiri amayambira kumbuyo kwa onsewa, alibe agogo omusiyira kanthu, komanso ali ndi mudzi wonse ukumuyang'ana.

Madera olemerawa sakhalanso olemera mwangozi. Ku Atherton malamulo a tauni kwa zaka zambiri akhala akufuna kuti nyumba iliyonse ikhale pa poloti la ekala imodzi, ndipo salola mashopu. Wosauka sanathamangitsidwe ndi chikwanje, anangomuikira mtengo woti sangaufike. Ndiye mzinda ukatuluka pa nambala wani, nthawi zina ukungotiuza kuti unakwanitsa kutsekera kunja aphunzitsi, anamwino ndi ophika omwe amautumikira masana n'kukagona kutali. Ine mindandanda imeneyi ndimaiwerenga choncho, ngati muyeso wa kutalika kwa mpanda. Loudoun ndi yaikulu, mpanda wake uli ndi mipata, n'chifukwa chake achimwene anu anapezamo pogona.

Sindikuti musiye kuwafunsa. Alipo anthu kunja kuno amene amalira umphawi pa foni koma Loweruka lililonse ali ku phwando, ndipo ana amasiyewo fizi ikufunikabe, mndandanda ukhale woona kapena wonama. Chomwe ndikukana n'chakuti muwatumizire chithunzi cha pa Facebook chija ndi mawu akuti "taonani". Mukatero angokwiya, foni n'kuyamba kulira osayankhidwa. Komanso ambiri mwa ife tinadziika tokha m'mavuto amenewa, chifukwa tinatumiza zithunzi za kumaso kwa nyumba, osati za masitepe a kuseri. Munthu akanamizira kulemera chaka choyamba, chaka chachisanu amachita manyazi kunena kuti amagona pansi pa nthaka.

Aimbireni pa vidiyo tsiku lomwe sali pa shifiti. Muyambe ndi za kumudzi, za mvula, za amalume. Kenako muwauze fizi ya temu yonse, nambala yeniyeni, ndi tsiku lomwe sukulu ikuifuna, m'malo mongoti "tithandizeni". Afunseni zomwe angathe mwezi uliwonse popanda kulowa m'ngongole, ngakhale zitakhala madola 50, kuti zotsalazo mugawane ndi abale ena mukudziwa poyambira. Ndipo mukucheza choncho, muwauze mwanthabwala kuti akuonetseni pomwe amaphikira nsima.