Za malo otchipa a m'chipululu cha Arizona

Achimwene, mwafunsa ngati n'kwanzeru kugula maekala asanu otchipa omwe mwawaona pa intaneti ku Arizona kuno ku America, kuti mumangepo nyumba musiyane ndi lendi ya ku Phoenix. Ine ndili m'boma la Cochise County, kum'mwera kwa tauni ya Willcox, chaka chachinayi tsopano. Zimatheka ndithu, koma ndalama musatumize musanadziwe komwe muzikatunga madzi.

Malowo amatchipa chifukwa kulibe mpopi, kulibe magetsi, pena ngakhale msewu wovomerezeka wolowera pamalopo kulibe. Magetsi si nkhani, dzuwa n'losasowa, sola imakwana. Madzi ndiye mutu waukulu. Musaganize za mjigo wa kumudzi uja. Kuno m'malo ambiri madzi ali pansi mamita opitirira 100, ndipo akunka natsika chifukwa minda ikuluikulu ya mitengo ya mtedza wa pistachio ndi pecan komanso makola a ng'ombe zamkaka zikupopa usana ndi usiku. Zitsime za anthu ena zinaphwa kale. Kukumba kokhako kungadye ndalama zoposa zomwe mwagulira malowo.

Ine madzi ndimachita kugula. Thanki pangolo, ngolo kumbuyo kwa galimoto, ulendo wa kutauni. Munthu umaphunzira kusamba ndi ndowa imodzi, otsalawo n'kuthirira kamtengo. Komatu mpopi wa eni ndi wa eni. Mu January 2023 mzinda wa Scottsdale, woyandikana ndi Phoenix, unaletsa kugulitsa madzi kwa anthu a ku Rio Verde Foothills, dera la kunja kwa mzindawo, mabanja mazanamazana okhala m'nyumba zapamwamba anangoti kakasi.

Mvula imagwa pafupifupi mamilimita 300 pachaka, yambiri kuyambira July mpaka September. Denga la malata la masikweya mita 100 lingakupatseni malita pafupifupi 30,000 pachaka, bola thanki ikhale yaikulu. Choncho denga likulitseni, ngakhale nyumbayo ikhale yaing'ono. Mvula yomweyo ndi yoopsanso: khwawa louma gwa limadzaza m'mphindi zochepa, kwanuko kusanagwe ndi dontho lomwe. Chaka choyamba ndinagona m'galimoto kutsidya, nyumba yanga ndikuiona apo. Wondigulitsa malo uja za khwawalo sananene.

Kumanga ndiye kokoma. Cochise imalola mwini malo akumidzi a m'gulu lomwe amati RU-4, maekala anayi kapena kuposa, kudzimangira yekha popanda oyendera nyumba, ngakhale chilolezo cha septic, thanki yapansi ya zonyansa za kuchimbudzi, simungachithawe. Azungu kuno amalipira kuti aphunzire kuumba zidina ndi kumanga nyumba ya mdindo, zomwe agogo ankachita akucheza! Khoma lochindikala la dothi limazizira masana, usiku n'kumafunda, ndipo mudzalifuna, poti mu January madzi amaundana m'mapaipi. Pokumba maziko mudzakumana ndi caliche, dothi loyera lolimba ngati simenti, piki imangonjanja.

Bwerani mu August mvula itagwa, mudzayende nokha pamsewu wopita kumaloko, mufunsenso oyandikana nawo kuti chitsime chawo n'chakuya bwanji. Nsapato muzikutumula m'mawa musanavale, zinkhanira zimakonda kugonamo.