Yambani ndi mabuleki, penti idikire

Achimwene, mwafunsa poyambira kukonza galimoto yanu ya Peugeot 504 ndi ndalama zochepa: yambani ndi mabuleki, matayala ndi chiwongolero. Penti idikire, ngakhale imakopa mtima.

Galimoto ikakhalitsa osayenda, mapaipi a labala a mabuleki amauma n'kung'aluka, ndipo mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi. Ndinaonapo galimoto yopakidwa penti yatsopano ikukanika kuima pa Kafue Road ku Lusaka, mtima unandiwawa. Nawonso a RTSA, bungwe loona za chitetezo cha pamsewu ku Zambia, poyesa fitness amayang'ana mabuleki, matayala ndi magetsi.

Mukamaliza apo, radiyeta ndi mapaipi ake. Koma mukaona dzimbiri lalowerera pansi, pomwe pamagwira masipuling'i, musagulenso kanthu. Itanani makaniko wodziwa kuwotcherera aone kaye ngati chitsulocho chingapulumuke.