Nambala ya Madijiti 41 Miliyoni: Tadziwa Bwanji Kuti Sigawika?

Mmodzi mwa inu owerenga wandilembera imelo. Akuti anamva za nambala yomwe inapezeka mu Okutobala 2024, ya madijiti 41,024,320, yomwe akatswiri a masamu akuti ndi prime, kutanthauza kuti palibe nambala ina yoigawa popanda chotsala kupatula 1 ndi iyo yomwe. Funso lawo ndi lakuti: "Ndani anayesa kuigawa ndi manambala onsewo? Kapena angoganizira?"

Palibe anayesa zimenezo, achimwene, ndipo palibe kompyuta yomwe ingakwanitse. Kungoiwerenga mokweza, dijiti imodzi pa sekondi, osagona osadya, kungakutengereni chaka ndi miyezi itatu n'kupitirira. Komabe sanangoganizira. Nambalayi timaidziwa chifukwa cha mmene inapangidwira.

Mukatenga ma 2 okwana 136,279,841 n'kuwachulukitsa onse, kenako n'kuchotserapo 1, mwaipeza. Manambala a mtundu umenewu amatchedwa ndi dzina la Marin Mersenne, wansembe wa ku France yemwe anamwalira mu 1648. Ang'onoang'ono ake omwe ali prime ndi 3, 7 ndi 31.

Taonani zomwe kapangidweka kamatiuza tisanailembe n'komwe. Pochulukitsa ma 2 timapeza 2, 4, 8, 16, 32, 64, 128, 256. Madijiti akumapeto akungozungulira: 2, 4, 8, 6, n'kubwereranso. Tikagawa 136,279,841 ndi 4 patsala 1, ndiye kuti tathera poyambira mzungulowo, pa 2. Chotserani 1 uja. Chinambala chonsechi chimathera ndi 1, ndipo mwadzionera nokha popanda makina. Kwa ine kukoma kwa masamu kuli pamenepa.

Kuti nambala yotere ikhale prime, chiwerengero cha ma 2 aja chiyenera kukhalanso prime. Ma 2 anayi, tikachotserapo 1 uja, amapereka 15, yomwe ndi 3 kuchulukitsa ndi 5. Koma zimenezi pazokha n'zosakwanira. Ma 2 okwana 11 amapereka 2,047, yooneka ngati yosagawika, chonsecho ndi 23 kuchulukitsa ndi 89.

Chomwe chimathetsa nkhani ndi njira yomwe anayambitsa Édouard Lucas, n'kudzaikonzanso Derrick Lehmer m'zaka za m'ma 1930. Tiyeni tiiyesere pa 31, yochokera ku ma 2 asanu. Yambani ndi 4. Ichulukitseni ndi iyo yomwe, muchotserepo 2: mwapeza 14. Chitaninso chimodzimodzi ndi 14: mwapeza 194. Gawani ndi 31, musunge chotsala chokha, chomwe ndi 8. Kachitatu: 8 kuchulukitsa ndi 8, kuchotsera 2, ndi 62, ndipo 31 amalowamo kawiri ndendende. Chotsala ndi 0. Lamulo lake ndi lakuti mubwereze kangapo molingana ndi chiwerengero cha ma 2 kuchotsera awiri, ndipo mukathera pa 0 nambalayo ndi prime, mukathera pena si prime. Izi zinatsimikizidwa ndi umboni wa masamu, si zamwayi ayi. Lucas mwiniwake, mu 1876, anasonyeza popanda makina kuti nambala yochokera ku ma 2 okwana 127, ya madijiti 39, ndi prime. Khama limenelo ndimaligomera kwambiri.

Pa nambala yathuyi, sitepe yomweyo imabwerezedwa ka 136,279,839. Ndi ntchito yaikulu, koma ili ndi pothera. Anaipeza ndi Luke Durant kudzera mu GIMPS, gulu la anthu odzipereka lofufuza ma prime a Mersenne lomwe linayamba mu 1996, ndipo ena anaiyesanso pa makompyuta osiyanasiyana n'kupeza zomwezo. Ndi ya nambala 52 mwa ma prime a Mersenne odziwika.

Munafunsanso ngati iyi ndi prime yomaliza. Ayi. Euclid anatsimikiza zaka zoposa 2,000 zapitazo kuti ma prime alibe mapeto. Koma ngati a mtundu wa Mersenne nawonso satha, limenelo ndi funso lomwe akatswiri a masamu sanaliyankhebe mpaka lero.