Kwa bambo opuma ntchito amene akusamukira ku Thyolo: Juni ndi Julaye mudzakhala bwanji?

Bambo wina watilembera kalata pa imelo. Akuti wapuma pa ntchito yauphunzitsi atakhala zaka zambiri ku Salima, ndipo iye ndi mayi akunyumba akusamukira kwawo kwa mayiwo, kufupi ndi boma la Thyolo. Nyumba ndi yamalata, yopanda siling'i, pansi pasimenti. Funso lake ndi lakuti: "Ndamva kuti kumeneko kumazizira kwambiri. Ndikonzekere chiyani, nanga tsiku ndizilitha bwanji?"

Zikomo bambo, ndipo takulandirani. Choyamba dziwani kuti chimene chidzakuvutitseni kuno ndi chinyezi. Kuzizira kokha munthu amakugonjetsa ndi juzi. Koma kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumabwera chiperoni, mphepo yochokera kummwera chakummawa yodzaza nkhungu ndi mvula yowaza, ndipo ikakhazikika imatha masiku atatu kapena kuposerapo dzuwa osaoneka. Dzinali linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Usiku kutentha kumatha kutsika kufika madigiri 10, ndipo kumtunda ngati ku Bvumbwe kumazizira kuposa ku Luchenza. Zofunda, zovala ndi chimanga, zonse zimayamwa chinyezicho.

Tiyambe ndi nyumba. Malata opanda siling'i amachita thukuta: mpweya wofunda wa m'nyumba ukagunda malata ozizira umasanduka madontho, m'bandakucha nkumadonthera pabedi. Ngati ndalama ya siling'i ya nyumba yonse palibe, ikani kuchipinda chogona kokha, ngakhale ya mphasa kapena nsungwi. Bedi lisagunde khoma, lisiyeni mpata wa chikhatho chimodzi kapena ziwiri, makamaka ngati khomalo layang'ana kumene chiperoni chimachokera, chifukwa ndi limene limayamba kuchita chuku. Pansi yalani mkeka. Mpata wa kunsi kwa chitseko tsekani ndi thumba lopinda. Anthu ambiri amalakwitsa potseka mawindo mwezi wonse poopa mphepo. Potero chinyezi chimatsekeredwa m'kati momwemo. Tsiku lililonse dzuwa likawala, tsegulani mawindo kuyambira cha m'ma 10 mpaka 2 koloko, mutulutse matiresi ndi mabulangete.

Tsopano nkhani ya mbaula, ndipo apa tikupemphani mumvetsetse. Musagone ndi mbaula ya makala m'chipinda, ngakhale makalawo atayaka bwino osatulutsa utsi. Makala amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndipo sununkha. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire ndi nseru, kenako amafooka mpaka kulephera kudzuka kuti atsegule chitseko. Yatsirani mbaula panja, muothe pakhonde kapena pabalaza zenera lili lotsegula, ndipo isanakwane nthawi yogona itulutseni. Wina akadzapezeka atafooka chotere, mutulutseni panja msanga nkuthamangira naye kuchipatala, ngakhale aoneke ngati watsitsimuka.

Pofunditsa bedi pali njira yosaopsa. Thirani madzi otentha, osati owira, m'botolo lolimba, litsekeni kwambiri, likulungeni m'chitenje, muliike kumiyendo kwa bedi mphindi 30 musanagone. Ngati muli ndi shuga lichotseni polowa m'bedi, poti mapazi a odwala shuga nthawi zina samva kutentha ndipo munthu amapsa osadziwa. Bulangete limodzi liyaleni pansi panu, pamwamba pa matiresi; kuzizira kwambiri kumalowera kunsi. Zovala zopyapyala ziwiri kapena zitatu zimafunditsa kuposa chijasi chimodzi. Chipewa ndi masokosi ndi zogona nazo. Pa kaunjika gulani mu Epulo, mitengo ya majuzi isanakwere.

Nkhuni sonkhanitsani mu Meyi, muziike pathandala pansi pa denga. Mitengo ya nandolo ikauma imayaka bwino, ndipo chitetezo mbaula imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa.

Mwafunsa za tsiku. Mu Juni dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko nkulowa itangopitirira 5, choncho tsiku ndi lalifupi. Musathamangire panja m'mamawa monga munkachitira popita kusukulu. Imwani tiyi ndi mbatata kapena chinangwa, mudikire mame achepe. Dothi lakuno ndi lofiira, loterera likanyowa, ndipo njira zambiri ndi zotsetsereka. Kugwa pa msinkhu wanu kumatha kuthyola chiuno, ndiye nsapato zikhale zogwira pansi ndipo ndodo musachite nayo manyazi. Sambani masana, madzi ofunda. Yendani mphindi 30 dzuwa likakwera. Madzulo pezani anzanu a bawo kapena gulu la kumpingo, chifukwa munthu amene anazolowera phokoso la ana asukulu akakhala yekha masiku atatu a nkhungu, mtima umalemera.

Ntchito yabwino ya nyengoyi ndi dimba. Mpiru, repu, tchayinizi, kabichi, anyezi ndi nsawawa zimakonda kuzizira. Musayambe ndi munda waukulu: mabedi anayi, lililonse mita imodzi m'lifupi ndi mamita 5 m'litali, akukwanirani anthu awiri nkutsalako ogawira anansi. Thirani ndowa ziwiri kapena zitatu za manyowa owola bwino pabedi lililonse. Mbewu za masamba zimakhala pa nazale milungu itatu kapena inayi. Pookera, repu ndi mpiru zitalikirane masentimita 30, kabichi 60. Thirirani m'mawa, patsinde, ndipo tsiku la chiperoni musathirire konse. Tomato ndiye wokhumudwitsa: chinyezi ndi kuzizira zimabweretsa chiwawu, masamba amada ngati awauka, ndipo munda wonse umatha m'masiku ochepa. Ngati mukumufunabe, mumangirireni kumitengo, muchotse masamba a m'munsi, kapena dikirani Ogasiti. Ino ndi nthawinso yopanga manyowa a m'munda wa dzinja, mapesi asanatenthedwe.

Chimanga chimavuta kuuma kuno. Musanachiike m'matumba, ikani chimanga chodzaza dzanja m'botolo lagalasi louma pamodzi ndi supuni ya mchere wouma, mukhutchumule, mudikire pang'ono. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume, chiyanikeninso. Chikalowa m'thumba chili chonyowa chimachita chuku, ndipo chimanga chachuku nchoopsa kudya. Matumba akhale pathandala, osagunda khoma.

Pa zaumoyo, kuzizira kumakweza BP, choncho mankhwala musadumphitse ndipo kayezetseni mwezi uliwonse. Musadikire mankhwala athere tsiku lomwelo, poti mwina lidzakhala tsiku la mvula. Chifuwa chikapitirira milungu iwiri kayezetseni TB. Kutentha thupi, kubanika ndi kupweteka m'nthiti popuma zingakhale chibayo, ndipo kwa munthu wamkulu sichigonetsa kunyumba. Kachasu safunditsa, amangokupatsani kutentha kwa pakhungu pamene thupi likutaya kutentha kwenikweni. Neti musaichotse, udzudzu umachepa koma sutheratu.

Chomaliza ndi ndalama. Miyezi imeneyi tiyi sakula kwambiri, m'maesiteti amakhala akudulira, ndipo ambiri othyola tiyi amakhala alibe ntchito mpaka mvula itayamba. Ndalama m'midzi zimachepa. Ngati mumaganiza zotsegula okala ndi ndalama yanu yopumira, musayambe mu Juni, chifukwa mudzagulitsa pa ngongole. Dziwaninso kuti achibale adzabwera kudzapempha, ndipo maukwati ndi zinamwali zimachuluka m'chilimwe. Khalani pansi ndi mayi, mugwirizane ndalama yothandizira ena pamwezi, ndipo ya feteleza muipatule padera Julaye asanathe.