Filiji yosadya mayunitsi muidziwa bwanji?

Mayi wina wa ku Chilomoni wanditumizira imelo, akuti akufuna kugula filiji koma mayunitsi amawathera kale mwezi usanafike pakati, nde akufunsa kuti yosadya magetsi aidziwa bwanji poti mmashopu aliyense amangoti yakeyo ndi "energy saver".

Mayi, zokamba za ogulitsazo zisiyeni, inu yang'anani sitika ya mizere yobiriwira mpaka yofiira imakhala pachitseko ija. Chammunsi mwake pali nambala yolembedwa kWh/annum, kutanthauza magetsi omwe filijiyo imadya pachaka. kWh imodzi ndi yuniti imodzi yomwe ija mumagula kwa ESCOM, nde ikalembedwa 240 ndekuti mayunitsi 20 pamwezi, ya 420 ndi 35. Jambulani masitikawo pafoni mukawerengere kunyumba mtima uli mmalo, bola muziyerekeza mafiliji a malita ofanana, kabafiliji sikangapikisane ndi ya zitseko ziwiri.

Malemba a A, B, C apasitika aja asakupusitseni. Ku Europe anasintha masitika mu 2021, anachotsa za A+ ndi A++ zija nkubwerera ku A mpaka G, nde mutha kupeza filiji yochokera kumeneko yolembedwa E ikudya pang'ono kuposa ina ya sitika yakale yolembedwa A+. Nchifukwa chake ine ndimakakamira nambala.

Za sekondi handi nde pamavuta, sitika inachoka kalekale. Panitsani pepala pachitseko nkulikoka, likangosolokamo mosavuta ndekuti labala ya chitseko inatha ndipo kompuresa, injini yoziziritsa ija, izingolira usiku onse, ndalama mwapulumutsa pogula ija muibweza pamita. Onaninso kumbuyo kuti palembedwa 220-240V, za ku Japan ndi za 100V, pa magetsi athu zimapsa pompo. Ngati okugulitsaniyo ndi wodziwana naye mpempheni muiyese kaye, isiyeni izizire bwino, lembani mayunitsi madzulo, zimitsani zina zonse nkuonanso mita mmawa.

Koma kunena zoona mayi, ndikukayika ngati filiji ndi imene idzakusaukitseni. Zomwe zimameza mayunitsi ndi zotenthetsa. Giza zambiri ndi mawatsi 3000, ola limodzi mayunitsi atatu apita. Hotipuleti mbali imodzi ndi 1000 kapena 1500, nde taganizani nyemba zosaviika zikubwata maola atatu! Ziviikeni usiku, kapena gulani pressure cooker. Mababu akale a mawatsi 60 aja chotsani muike a LED a 9, kuwala ndi komweko.

Posungira ndalama ya filijiyo muonjezerepo ndi ya fridge guard, kachipangizo koteteza filiji magetsi akabwera mwamphamvu, poti magetsi akamabwera pambuyo pa blackout ndi pomwe kompuresa zambiri zimafera.